Lufeyo ndi Fodya wa Pachala

Mwambi uwu unayamba motere, inu ana amene mumandibera fodya m'thumba la jekete n'kumati ukalamba wandiiwalitsa pomwe ndinamuika.

Pa esiteti ina ya fodya ku Kasungu panali mnyamata wa zaka khumi ndi zinayi, dzina lake Lufeyo. Anzake ankasuta chingambwe kuseri kwa chigafa choyanikamo fodya, atakulunga m'mapepala ong'amba m'makope a kusukulu, n'kumatsokomola ngati mbuzi. Lufeyo ankati zimenezo n'zachibwana. Iye ankafuna fodya wamphuno, wa akuluakulu, kuti Esinati, mwana wa kapitawo, aone kuti wakula.

Anakapempha kwa a Jailosi, nkhalamba yosankha fodya. Iwo anamusenzetsa mitolo tsiku lonse, ndipo dzuwa litapendeka anamutapira pang'ono pachala.

"Koka pompano, mwana iwe."

"Ayi agogo, pali woti aone kaye."

Anakakhala pachulu, m'mbali mwa njira yochokera kuchigayo, chala chili m'mwamba ngati wolumbira. Esinati anachedwa. Kadzuwa ka mu Juni kanamufunditsa kumsana, ndipo Lufeyo anayamba kulota ali maso. Anadziona akukoka fodyayo osayetsemula, Esinati atagwada pomupatsa moni. Anadziona pa njinga yatsopano, Esinati ali pakaliyala, mitengo ya bulugamu ikuwaweramira. Ndevu zinamera. Chigafa chakechake chinatalika mpaka kumtsinje, ndipo kapitawo ankamuvulira chipewa. Mkono unachita dzanzi, koma sanautsitse.

Kenaka Esinati anatulukira, beseni la ufa lili pamutu, bambo ake akutsatira pambuyo. Lufeyo anaimirira, nakonza kukhosi, nayamba kubweretsa chala kumphuno pang'onopang'ono kuti aonedwe bwino. Mwera sunadikire. Unanyambita chalacho n'kukamupatsa Esinati fodya yense m'mphuno. Mtsikana anayetsemula, beseni linapendeka, kapitawo anayera kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Esinati anapukuta misozi, namuyang'ana Lufeyo nthawi yaitali.

"Ababa, kodi kamwana aka n'ka ndani?"

Kapitawo anayankha ndi dzanja. Akapitawo onse ndi amodzi, ndimawadziwa ine.

Lufeyo anabwerera kuchigafa khutu litatupa, napempha kuti amutapireko wina. A Jailosi anakoka wawo mosafulumira, natseka kabotolo, nakabisa m'thumba.

"Mwana iwe, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ndi wa mphepo."