Thupi Limodzi, Malabotale Awiri

Kwa Olemekezeka Mkulu Woona za Ndandanda ya Maphunziro,

Bwana,

Ndine Yeabu Mansaray, wa chaka chokonzekera udokotala, mmodzi wa aja munapachika mayina awo pakhoma sabata yatha kuti abwereze chaka. Ndalemba kuti ndithokoze, poti kwathu ku Kabala anatilera kuti wamkulu akakuponda phazi, wopepesa ndiwe.

Choyamba, zikomo potikhulupirira. Munalamula kuti Kemisitiri, Fizikisi ndi Bayoloji tiphunzire teremu imodzi, kenako labotale ya Fizikisi ndi ya Kemisitiri munaziika zonse Lachiwiri 10 koloko, ina kumtunda, ina kuseri kwa msika waukulu. Ndinatha masiku atatu ndi pensulo kuyesa kuzilekanitsa. Ndinafika poganiza kuti mwalakwitsa. Mundikhululukire, unali umwana.

Chachiwiri, zikomo potipatsa mlangizi, Dokotala Thoronka. Kasanu konse ndinapeza jekete lawo lokha pampando, ndipo linandilandira bwino. Nditawapeza eni ake akudya mpunga wa chigwada, anandiuza kuti kusiya phunziro lina kuti ndidzalitenge teremu yamawa n'koletsedwa, ndiponso kuti dokotala sadandaula, amathamanga. Ndinathamangadi, bwana. Ndinkasiya Fizikisi pakati, kudumphira okada, kabaza wa njinga yamoto, m'chimvula chathu chija, n'kukapeza chitseko cha Kemisitiri atakhoma kale. Teremu yonse asidi ndinkamuonera pawindo, nditanyowa mpaka m'kati.

Chachitatu, zikomo potisankhira madokotala amawa. Anzanga anzeru ankasainirana m'kaundula, wina kumtunda, wina kumsika. Onsewo apitirira, ngakhale aja amene sanayatsepo moto wa mu labotale. Odwala awo adzakuthokozani okha, amene adzathe kulankhula. Ine wopusa ndinkasaina pokhapo pamene ndafika. Mayeso olemba ndinakhoza onse, Kemisitiri yemweyo ndinali wachitatu m'kalasi, koma kaundula akuti ndine wojomba.

Ndaonanso ndandanda ya chaka chino. Simunasinthe ngakhale kadontho. Kusagwedezeka kotere n'kosowa masiku ano, makamaka podziwa kuti lamulo lanu limalola kubwereza kamodzi kokha.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Bambo anga, amene ndi telala, abwera Loweruka. Akufuna dzina la phunziro limene ndalephera kuti akandipezere buku lake. Ndawafotokozera kawiri pafoni koma sakumvetsa, poti sukulu sanapite nayo patali ngati inu. Chonde, mukapeza mpata, mundilembere dzina la phunzirolo pakapepala, ndi la mphunzitsi wake. Ngati mumaphunzitsa ndinu nomwe, mutchulenso tsiku ndi chipinda, ndidzabwera nawo bambo kuti nawonso aone mmene ophunzira kwambiri amakhalira malo awiri nthawi imodzi.

Ine wanu wogonjera, wa thupi limodzi,
Yeabu Mansaray