"Shouldn't" Wakana Kulowa M'nyimbo

Lolemba
Achimwene akubwera Lamulungu kuchokera ku Joni ndi mkazi wawo watsopano. Alamuwo Chichewa sadziwa. Ine, wotsogolera kwaya pano pa Kandeu, ndalonjeza kale pamaso pa mpingo kuti tiwalandira ndi vesi ya Chingerezi. Ndapeka ndekha. Chuni chimafuna maphatikizo asanu ndi atatu pa mzere. Zosavuta!

Lachiwiri
Mzere woyamba: "You shouldn't fear, we won't let go." Kunena kuti musaope, sitikutayani. Ndikuwerenga pa zala: asanu ndi atatu ndendende. Kwaya ikuimba: "Yu shu-du-ni-ti fi-ya, wi wo-ni-ti le-ti go." Khumi ndi anayi! Chuni chatha kalekale, iwo akadali pa "woniti".

Lachitatu
Tikuwomba m'manja phatikizo lililonse.
"Won't": ine kamodzi, kwaya katatu.
"Shouldn't": ine kawiri, asopulano kanayi.
Abesi angopinda manja.
A Nangozo a ku aluto: "'Won't' zilembo zinayi, kuwomba kamodzi? Zinazo mwapatsa ndani?"


Lachinayi
Aphunzitsi a Sitandade 6 akuti ndiike dzanja pansi pa chibwano, ndiwerenge kangati chikutsika. Pa "shouldn't" chikutsika kamodzi kokha. Tsopano ngakhale kawiri kanga kaja ndikukakayikira. Ndapita kwa a Jere, amene anakalambira m'migodi. Akuti: "Kapitawo wathu sankawerenga zimenezo. Ankangokuwa." Ndabwerera ndi chibwano chowawa.

Lachisanu
Basi, ndachotsa mawu ofupikitsa onse. "You should not fear, we will not let go." Asanu ndi anayi. Limodzi lapyola. Ndafufuta "not" wachiwiri, zakwanira bwinobwino, kwaya yakondwa. Taimba katatu ndisanazindikire kuti tikulonjeza alamu kuti tidzawataya. Mayo ine!

Loweruka
Ndabwezera zakale. Theka la kwaya lapita kokumba mbatatesi. Otsalawo akuti ng'oma ichepetse liwiro kuti "shuduniti" akwanemo. Woimba ng'oma akuti ukwati si maliro. Mawu anga asasa. Sindikuwerenganso chilichonse.

Lamulungu
Taimba. Onse khumi ndi anayi, mwamphamvu, abesi omwe. Alamu akumwetulira, mpaka kupukuta misozi. Potuluka andigwira dzanja, achimwene akumasulira: akuti Chichewa n'chokoma kwambiri, ndiye ndiwalembere tanthauzo la nyimboyo m'Chingerezi.
Ndavomera. Ndikukagona kaye.