Sailensa ya a Besi

Mukafunsa aliyense wa mumsewu wathu uno za a Besi, asanayankhe amayamba kaye wagwira khutu. A Besiwo sankasankha sailensa ya galimoto ndi maso ngati anthu ena onse. Ankasankha ndi makutu, ngati mmene mkulu wa kwayala amasankhira oimba. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa galimoto iliyonse ikadutsa ankapendeketsa mutu, kutsinzina, kenako n'kupukusa mutu: "Iyi ilibe besi."

Ine ndine makaniko, galaja yanga ili pakona musanafike pa hampu, ndipo pansi pa pikapu yawo ndagonapo zaka khumi ndi zisanu. Akuti inali yoyera pogula, koma mchenga, njerwa ndi mipando ya anthu osamuka zinaipatsa mtundu wina wopanda dzina. Chitseko cha kumanzere ankamanga ndi waya. Koma kulira kwake, abale inu! Ikatsika pa hampu n'kulowa giya yachiwiri inkati du-du-du-du, mawu onenepa ochokera pansi pa mimba, mpaka malata a galaja yanga ankavomera. Aphunzitsi oyandikana nawo nyumba ankadandaula tsiku ndi tsiku, koma wotchi yawo ikaima ankaikonza pomvera pikapu yomweyo.

Ndikuuziretuni chifukwa chake, kuti musawayese amisala. Akazi awo anasiya kuona kalekale, matenda a shuga anawalanda maso. Tsiku lililonse ikamakwana faifi ankakhala pakhonde pampando wa pulasitiki, manja pamiyendo, khutu kumsewu. Magalimoto angadutse makumi angati, iwo duu. Koma ikangolira ya amuna awo pa hampu, ankadzuka, kupapasa khoma, kukayatsa ketulo, ndipo a Besi pomaliza kuimika galimoto ndi kusamba m'manja tiyi amakhala ali patebulo. Nkhope ya amuna awo anaiona komaliza zaka zambiri zapitazo. Chimene chinawatsalira ndi kulira kumeneko.

Ndiye tsiku lina kunabwera mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kutali, atakolekera chibokosi chachitali kukhwapa.

"Ankolo, ndawagulira adadi sailensa yamakono. Taonani kunyezimira kwake."

"Akudziwa?"

"Ayi, ndikufuna adzadabwe. Mawa m'mawa ndikupita nawo kukayezetsa magazi, makiyi ndikusiyirani. Anthu akutiseka, ankolo. Akuti adadi akamabwera, ndege zimapatuka."

Ine, mutu waukulu wopanda kanthu, ndinavomera. Ndinachotsa yakale ija, yadzimbiri, yotibuka pamimba, n'kuika yatsopano. Choipitsitsa n'chakuti tsiku lomwelo kunadutsa wogula zitsulo zakutha ndi wilibala yake, ndipo ndinamuponyera yakale ija ndili kuimba mluzu.

A Besi anafika madzulo, thonje lili pamkono, mwana wawo akumwetulira kumbuyo. Analiza injini. Anazimitsa. Analizanso.

"Amisiri, yalira?"

"Yalira, bambo."

"Nanga ikunong'oneza ndani?"

Anayang'ana mwana wawo, anaona mmene maso ake akuwalira. "Zikomo, mwana wanga," anatero, n'kunyamuka mwakachetechete ngati mphaka wakuba nyama.

Sipanapite mphindi khumi tinamva mfuu: "Wakuba! Wakuba m'nyumba!" Tinathamanga msewu wonse, ine sipanala m'manja, aphunzitsi ndi ambulera. Tinapeza a Besi atakhala pansi kukhitchini atagwira mutu, amayi ataima pakhomo ndi ndodo ya mopu, akuzunguza ngati akuthamangitsa njuchi. Bambowo analowera khomo lakumbuyo n'kutsegula filiji, amayi n'kumva mapazi m'nyumba pikapu isanalire. Mukanakhala inu mukanatani?

Tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Koma m'mawa mwake a Besi anabwera kugalaja ndi chotupa chachikulu ngati dzira, ndipo sankaseka.

"Ndodo si kanthu, amisiri. Ndodo ndaizolowera. Koma dzulo ndinaima pageti, ine apa, iye apo pakhonde, khutu lili kumsewu, akundidikira. Ndinamva ngati ndinafa kale. Yakale ija ili kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Manyazi anandigwira mpaka m'mapazi.

"Basi," anatero. "Valani shati, tikasake mawu anga."

Ku sitolo ya masipeya ndiye kunali chionetsero. Anauza wogulitsa kuti atsitse masailensa onse olowa pa pikapu yawo, ndipo anawandanda pa kauntala, asanu ndi imodzi. Ananyamula yoyamba, kuika pakamwa, masaya kufufuma ngati chule, n'kuuzira: fuuu!

"Sopulano. Chotsani."

Yachiwiri anaigogoda ndi kiyi, kuiika kukhutu.

"Aluto, komanso ali ndi chimfine."

Wogulitsayo, munthu wa tayi ndi cholembera m'thumba, anayesetsa kuwathandiza. Anawafotokozera za chitsulo chosachita dzimbiri, za kukula kwa paipi, za mafuta amene angapulumutse. A Besi ankangogwedeza mutu, milomo yakuda bii ndi girisi.

"Bambo," anatopa wogulitsa uja, "anthu amagula sailensa kuti galimoto ikhale chete."

"Anthu ake ati? Amenewo ndi amene alibe wowadikira."

Tinatenga zitatu zokayesa, wogulitsa atatilumbiritsa kuti zosafunikazo zibwerere zopanda chilema. Loweruka la sabata imeneyo sindinakonze galimoto ya munthu wina aliyense. Ndondomeko yake inali iyi: ine ndimange sailensa, tikwere tonse, tidutse pa hampu, giya yachiwiri, tikaime pageti, amayi apereke chigamulo. Mwana wawo anakhala pambali pa amayi ake, mutu pansi, ngati wopalamula m'khoti.

Yoyamba inalira mopyapyala. Amayi sanasunthe n'komwe.

"Ameneyo ndi minibasi. Muuzeni kondakitala kuti sindikwera."

Tinabwerera. Ndinamasula ikadali yamoto, ndinapsa chala, ndinatukwana pang'ono. Yachiwiri inali yonenepa kukamwa, ija amakonda anyamata othamangitsa magalimoto. Itangolira, agalu a msewu wonse anayamba kuuwa, aphunzitsi anatuluka atatseka makutu ndi makope a ana.

"Uyu ndi wosuta chamba," anatero amayi. "Asafike pageti panga."

Yachitatu inatipatsa chiyembekezo. Amayi anatukula mutu, anagwira m'mbali mwa mpando ngati akufuna kudzuka, kenako anakhazikikanso.

"Akufanana. Koma ndi mwamuna wa eni ake."

Apa ndiye magazi anandikwera. Dzuwa likuswa mtengo, zala zitatu zapsa, msana wathyoka, ndipo munthu akundiuza za mwamuna wa eni ake! Titafika kugalaja ndinaimasula, kuiponya pansi, kutenga hamala n'kuimenya pamimba: phwa!

"Imeneyi ndiye mwagula, bambo," ndinatero ndikupuma mwa wefuwefu. "Kusitolo sikubwereranso."

A Besi anagwada, kuisisita potibuka paja ngati mutu wa mwana. "Amisiri, yakale ija inatibuka pomwepa. Mwala unaimenya chaka chimene mwana wathu anayamba sukulu. Komanso inali ndi kabowo chakumapeto. Muli ndi msomali?"

Ndinaboola. Anauzira, anamvetsera, anati ndikuze pang'ono. Ndinakuza. Ndinamanga, tinakwera. Matayala akutsogolo anakwera hampu, akumbuyo anatsika, a Besi anakankha giya: du-du-du-du! Malata a galaja yanga anavomera.

Pageti tinapeza mpando wa pulasitiki uli wokha, mwana wawo ataima pambali akupukuta misozi ndi chikhatho. M'nyumba ketulo inali itayamba kale kusokosa. Amayi anatulukira pakhomo, dzanja kukhoma.

"Mwachedwa masiku anayi, bambo inu. Munali kuti?"

Kuyambira pamenepo palibe amene ankaloledwa kukhudza sailensa imeneyo. Wapolisi wa pamsewu atawaimitsa n'kunena kuti yabooka, iwo anayankha mwaulemu wonse, chipewa m'manja: "Sinabooke, bwana, inachunidwa." Akapita kokatenga mchenga kumalo a miyala, ankatsika n'kuyenda patsogolo kuchotsa miyala ndi phazi, kenako n'kubwerera kudzayendetsa. Ine ankandiyendera mwezi ndi mwezi kuti ndione ngati kabowo sikanakule, ngati mmene ena amapitira kukayezetsa maso.

A Besi anatisiya chaka chatha. Anafika nthawi yake, anamwa tiyi wawo, anati atsamire pang'ono pampando, basi osadzukanso. Pikapu anaigulitsa kwa munthu wakutali, koma tsiku loti inyamuke mwana wawo anabwera yekha kugalaja.

"Ankolo, chotsani sailensayo. Ikani yonyezimira ija. Iyi isapite kwa munthu wosaidziwa."

Ndinaipachika pa msomali pafupi ndi kalendala. Msewu wathu unakhala chete moopsa. Malata anga anasiya kuvomera, aphunzitsi anasowa chodandaula ndipo anakalamba mwadzidzidzi. Koma chimene chinkandipweteka n'chakuti ikamakwana faifi, ndikasuzumira kumtunda, amayi amakhala ali pakhonde, manja pamiyendo, khutu kumsewu. Miyezi itatu ndinapirira. Ndinalephera.

Ndili ndi kapikapu kanga kokokera magalimoto owonongeka, injini yake ndi mtundu womwewo. Tsiku lina ndinatsitsa sailensa ija pa msomali, kuimanga, n'kudikira faifi. Ndinadutsa pa hampu: du-du-du-du. Aphunzitsi anatuluka mothamanga, anavula magalasi. Ine ndinkadzifunsa ngati sindikuchita nkhanza kwa munthu wamasiye.

Ndinaima pageti. Amayi anali pampando pawo, sanadzuke.

"Amisiri, ndinu?"

"Ndine, amayi."

"Mwafulumira kusintha giya. Iwo ankadikira kaye kuti matayala akumbuyo atsike."

Ndinasowa poika maso, ngakhale ndinkadziwa kuti sakundiona. "Pepani, amayi. Ndalakwa. Sindidzabwerezanso."

"Wakuuzani zimenezo ndani?" Anakonza mpango wawo, anaika manja m'mbali mwa mpando. "Bwererani pa hampu mukayambirenso. Musathamange. Ndikufuna ndidzuke ndikayatse ketulo."