Ntchito Ndikuidikira pa Kompyuta

Lolemba
Basi, zoyenda m'maofesi ndasiya, nsapato zatha. A Mussa, eni kafe ya intaneti kuseri kwa msika, andionetsa chinthu chotchedwa RSS. Ukalembetsa webusaiti, ikangosintha kanthu, uthenga umabwera wokha pa kompyuta. Ndalembetsa ya bungwe la alimi a mpunga ku Chia, lomwe akuti likufuna kalaliki. Akazi anga, Mayi a Hawa, andipatsa sabata ino yokha. Ntchito ikakanika, ndikakoka khoka kwa achimwene awo ku Ngala. Ine, wa Fomu 4!

Lachiwiri
Ndawonjezera zina: nyuzi ziwiri, mpira wa ku Mangalande, zanyengo. Mauthenga mbwee. Tsopano ndikudziwa kuti ku Ulaya kukuzizira. Za ukalaliki, zii.

Lachitatu
Magetsi kulibe. Ndili pabenchi, kulondera kompyuta yozima. Akudutsa pa njinga Yusufu, mnzanga wakusukulu amene Chingerezi chinkamugwetsa chaka ndi chaka, envulopu ili m'thumba. Akuti, "Tiye ku Chia tikaone pachitseko cha bungwe lija." Ndikumuseka. Dziko linasintha, iye akadali kupalasa.

Lachinayi
Magetsi abwera, koma laini ya foni ikudukaduka. Zomwe zafika: mpira, mpira, nduna yatsegulira mjigo, mpira. Bungwe lija lili duu.

Lachisanu
Kumzikiti sindikupita, uthenga ungafike ine kulibe. Mayi a Hawa akuti, "Kompyutayo ikakulembani ntchito, muiuze idzere kuchigayo." Anthu ena chitukuko chimawadutsa pamutu.

Loweruka
Uthenga wa bungwe wafika! Ndikudina. Chithunzi chikutseguka pang'onopang'ono kuyambira pamwamba: kofia, chipumi, kenako makutu amene ndikuwadziwa bwino. Ndi Yusufu. Pansi palembedwa kuti akulandira kalaliki wawo watsopano.

A Mussa akuti webusaitiyo amaisintha munthu wa ku Lilongwe, ndipo amangoikapo zomwe zachitika kale, kuti azungu opereka thandizo aone. Chidziwitso cha ntchito anachimata pachitseko basi.

"Komabe mwaona, RSS yagwira ntchito," akutero, akumwetulira. Ndikufuna kuwaluma.

Lamulungu
Mayi a Hawa angondilongedzera kabudula wakale ndi chipewa m'jumbo. Manyazi andigwira, mtima ukuwawa. Chonditonthoza n'chimodzi: m'Nkhotakota yense, ndine woyamba kumva pa intaneti kuti ntchito sindinaipeze. Mawa ndikwera matola ya ku Ngala. Akuti khoka ukamakoka umabwerera cham'mbuyo.