Nyimbo Zimene a Vairasi Anatsekera

A Vairasi ankalemba pasiwedi atafunda thaulo kumutu. Anthu a mumsewu uja akamawakumbuka amayambira pamenepa, ndipo sanama. M'mawa uliwonse akatsegula kashopu kawo kokonzera makompyuta, ankayamba asuzumira uku ndi uku, kenako n'kudziphimba pamodzi ndi kiyibodi yomwe, ngati wodwala chimfine pa beseni la nthunzi. Pansi pa thaulopo pankamveka kakatakakata kwa mphindi yathunthu, ndipo ankavundukuka thukuta lili kamukamu. M'shopumo simunkakhala munthu wina, koma iwo ankati buluzi wa pakhoma uja sakumudziwa kwawo.

Dzinalo linabwera chifukwa kwa iwo vuto lililonse linali vairasi. Foni ikachedwa kuyaka, vairasi. Printa ikameza pepala, vairasi. Tsiku lina mashini osokera a mlamu wawo, telala wa khomo loyandikana nalo, anayamba kudumphitsa ulusi. A Vairasi analowa manja ali kumbuyo, n'kuwazungulira mashiniwo kawiri.

"Mlamu, posachedwapa mwalowetsamo chiyani?"

"Nsalu, alamu. M'mashini osokera mungalowenso chiyani?"

"Nsaluyo mwini wake mukumudziwa bwino?"

Telalayu anawapirira zambiri a Vairasi, ndipo chifukwa chinalipo. Malemu mwamuna wake, mng'ono wawo wa a Vairasi, anali woimba gitala. Sanatchuke, koma anasiya kaseti imodzi ya nyimbo zisanu ndi zitatu, zojambulira pabalaza pawo. Kasetiyo itayamba kukokakoka mawu, Telala anapita nayo kwa alamu ake kuti nyimbozo azisamutsire mu kompyuta. Anazisamutsa bwinobwino, ndipo patangotha sabata wailesi inatafuna tepi yonse. Kuyambira pamenepo mawu a mwamuna wake anali pamalo amodzi okha padziko lonse: mu kompyuta ya a Vairasi, kuseri kwa pasiwedi.

"Tandiikiraniko mu foni, ndizimvera ndikamasoka."

"Mu foni yanuyo? Imene mumabwereketsa aliyense wofuna kuimbira mwana wake? Pofika Loweruka, Benabena adzakhala akugulitsa mng'ono wanga pamodzi ndi nyimbo za m'mabala."

Benabena anali mdani wawo wa kutsidya kwa msewu, bambo wa kamimba wokhala m'kakontena kobiriwira, wobena nyimbo. Ukamupatsa foni ankakukopera nyimbo za eni mazana awiri iwe usanamalize kumwa botolo la madzi, oimba ake osalandirapo ngakhale moni. Sipika yake inali yaikulu ngati firiji, ndipo pakati pa nyimbo iliyonse pankalowa mawu ake akufuula dzina lake lomwe. A Vairasi ankaima pakhomo n'kumuloza ndi sikuludiraiva.

"Iwe! Amene waimba nyimbo imeneyo wadya lero?"

"Akulu, ine ndikumutchukitsa!"

"Ndikadzakubera nsapato ndidzavala poyera, ndikutchukitse."

Choncho Telala ankamvera mwamuna wake Lachitatu lokha, masana, m'shopu mwa alamu ake, pa mahedifoni aakulu omangidwa ndi selotepi. A Vairasi ankatseka chitseko, n'kutembenuza kachikwangwani, n'kukhala chomufulatira akunamizira kumasula chinthu. Gitala akangoyamba, shopu ija inkasungunuka. Fumbi loyandama m'kuwala kwa pawindo linkayenda pang'onopang'ono, ndipo Telala ankapezeka ali pabalaza lakale, makatani achikasu akuuluzika, mwamuna wake atapinda mwendo pampando wothyoka mkono uja. M'nyimbo yachisanu munkamveka kamwana kakuseka chapatali, woimba n'kulakwitsa mawu chifukwa nayenso akufuna kuseka. Kamwanako kanali mwana wawo wamkazi, amene tsopano anali nesi wamkulu msinkhu. Nyimbo zikatha Telala ankavula mahedifoni makutu atatentha, ndipo a Vairasi nthawi zonse ankati m'maso mwawagwera fumbi la m'kompyuta.

Koma a Vairasi sankamvera anthu ena chisoni chotero. Ukabwera ndi fulashi, a Vairasi ankailandira ndi pegi yoyanikira zovala n'kuiponya m'botolo lakale la maswiti, ikhalemo masiku atatu isanayandikire kompyuta yawo. Mphunzitsi wina anatsala pang'ono kugwada.

"Bambo, muli mayeso m'menemo, ana akulemba mawa!"

"Mwana wokhoza mawa akhozanso Lachisanu."

Nkhani ya masisitimu, mapulogalamu aakulu aja oyendetsa kompyuta yonse, ndiye inali ulaliki wawo. Sisitimu yotchuka ija, imene pafupifupi aliyense ali nayo, ankati ndi nyumba ya lendi: mwini wake ali ndi kiyi wakewake, amalowa iwe uli pakati pa ntchito n'kuyamba kusuntha mipando, ati akukukonzera. Yodula ija ya anthu a masuti ankati ndi hotela, yosalala paliponse koma sungakhomemo ngakhale msomali. Yawo inali yaulere, ya chizindikiro cha kambalame konenepa kosauluka, ndipo akamaitchula ankatsitsa mawu. Ukawasiyira kompyuta kuti akonze batani limodzi, unkakaitenga ili ndi kambalame. Mayi wa pafamase anabwerera nayo akuthamanga.

"Ine ndinati mukonze sikirini basi!"

"Ndakumasulani, mayi."

"Nanga printa yanga bwanji yasiya kugwira?"

"Ufulu sumabwera ndi printa."

Koma masana dzuwa likapendeka, kamzere kosonyeza kuti pulogalamu ikulowa kakamakwawa pa sikirini, a Vairasi ankafewa. Ankatsamira kumbuyo, maso theka, n'kumalankhula okha. Telala ankawamva kudzera pa khoma la pulayiwudi, mawu awo akusakanikirana ndi kulira kwa mafani. Ankanena za mzinda wina umene ankaulota, kumene makompyuta sakalamba, mawindo a nyumba amagona otsegula, ndipo nyimbo ikangolira pena pake, woimba wake amamva kutenthera m'thumba ngakhale ali kutali. Kumeneko, ankatero, pasiwedi ya aliyense ndi dzina lake lomwe. Telala ankasiya kupalasa mashini kuti amve bwino, ndipo nthawi zina ankadzidzimuka ulusi uli m'kamwa, kasitomala akugogoda pathebulo.

Kenako nesi uja anapeza mwamuna, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha: pa ukwati wake pamveke mawu a bambo ake. Telala analowa m'shopu muja atakonzeka kumenya nkhondo. A Vairasi anaganiza masiku anayi, n'kubwera ndi pepala la malamulo. Kompyuta adzanyamula okha. Nyimbo idzalira kamodzi. Mafoni onse a alendo adzasiyidwa m'beseni pakhomo, ndipo wa makamera adzatulutsidwa panja.

"Alendo mazana atatu, alamu! Beseni lake liti?"

"Tidzabwereka bafa."

Telala anavomera, poti akanatani. Anabwerera kukadula nsalu yoyera mtima uli m'malo, akuimba chamumtima nyimbo yachisanu.

Nthawi yonseyi a Vairasi anali akuonda, malaya akuwakulira. Nesi anawakokera kuchipatala, koma kumeneko anakana kutchula tsiku lawo lobadwa, ati limenelo ndi funso loyamba la akuba. Dokotala atawauza za mtima wawo, iwo anamufunsa ngati kompyuta imene akulembamo zimenezo ili ndi loko. Anabwerako ndi mapilisi, n'kumapitiriza ntchito ngati palibe chachitika. Kutatsala masabata atatu kuti ukwati uchitike, Telala anazindikira kuti masana onse sanamve mawu kuseri kwa pulayiwudi. Anawapeza atatsamira pampando, maso theka, nkhope ili phee ngati afika kumzinda kuja. Kompyuta inali itadzitseka yokha, monga anaiphunzitsira kuti izichita akangoisiya mphindi imodzi.

Maliro atatha, kunabwera akatswiri awiri a zikwama zakumsana. Anatsegula, anasuzumira, anaimbira anzawo, kenako wamkuluyo anakanda mutu. Anati zonse za m'katimo n'zosokonezedwa mwadala, moti popanda pasiwedi ndi phala lokhalokha, ndiponso malemuwo anatchera kuti munthu akalakwitsa kakhumi, kompyuta ifufute chilichonse. Achibale anali atayesa kale kasanu ndi kawiri: dzina la mayi awo, dzina la mng'ono wawo, ngakhale dzina la kambalame kaja. Telala anawaletsa, n'kuphimba kompyutayo ndi nsalu yotsala ya diresi.

Sabata imeneyo anasoka osaona chimene akusoka. Zinamupweteka kuposa mmene ankayembekezera, chifukwa anaona kuti waika m'manda anthu awiri, wina kachiwiri. Ankayesa kukumbukira nyimbo zija, koma mawu a mwamuna wake ankamuthawa, n'kutsala akeake. Anawakwiyira alamu ake kwambiri, ndipo chinkamuwawa n'chakuti panalibenso khomo loti akagogode n'kuwakalipira. Nkhani ya nyimbozi sanamuuze mwana wake.

Lolemba m'mawa msewu unadzuka uli zii. Sipika ya kutsidya sinayatsidwe, ndipo anthu ankayenda akutembenuka ngati aiwala chinthu. Benabena anawoloka msewu atavula kapusi, n'kuima pakhomo la Telala akusinthasintha miyendo. Anatulutsa fulashi yokulungidwa m'mapepala atatu.

"Amayi, ndakhala ndikuopa. Munthu ngati ine ndikati anachita kundipatsa, angandikhulupirire ndani?"

"Anakupatsa ndani? Chiyani?"

"Akulu aja. Atangochoka kuchipatala anabwera, kudzera kuseri, chipewa chili m'maso. Anayamba achapa kompyuta yanga maola atatu. Anapezamo mavairasi mazana anayi ndi khumi ndi awiri, ndipo ankawawerenga mokweza makasitomala anga akumva. Atamaliza anati, 'Iwe wakuba, tamvera. Chinthu chikakhala pamalo amodzi ndiye kuti chatsala pang'ono kufa. Ine ndimangodziwa kutseka, iwe umadziwa kumwaza. Ndikapita, umwaze.'"



"Anandipatsanso malamulo," anapitiriza Benabena. "Ndisalipiritse munthu. Dzina la mng'ono wawo ndililembe lonse, losalakwika. Ndipo ndikangoyerekeza kufuula dzina langa pakati pa nyimbo, ati adzandipeza, maadiresi onse amawadziwa. Potuluka anandiuza kuti ndisaganize kuti tagwirizana."

Telala anaseka, kuseka kwake n'kusanduka kulira, mpaka Benabena anasowa poyang'ana. Atapukuta maso anamuuza kuti apite akayatse chifiriji chakecho. Patangopita kanthawi gitala analira msewu wonse, koyamba chijambulireni, ndipo ometa tsitsi anatuluka panja makina ali m'manja. Pa ukwati nyimbo yachisanu inalira kanayi, mafoni mazana atatu ali m'mwamba, ndipo mkwatibwi anadzimva yekha akuseka ali ndi zaka ziwiri.

Masiku ano m'shopu muja mumagulitsidwa makava a mafoni. Mafulashi amalowa m'makompyuta popanda wowafunsa kumene achokera, ndipo theka la makompyuta a mumsewumo likudwala. Wa pafamase printa yake ikugwira, koma akuti zikumusowetsa wokangana naye. Masana amatalika, ndipo palibe amene amalota mokweza.

Nyimbo zija zinapita kutali. Telala amazimva m'minibasi zodutsa, pa mafoni a anthu odikira nsapato kwa wosoka, nthawi zina zitadukaduka chifukwa chokopedwa kambirimbiri. Tsiku lina kunabwera mayi wachilendo, wochokera tauni ina, kudzayezetsa diresi. Atakweza manja kuti tepi yoyezera idutse, anayamba kung'ung'udza nyimbo yachitatu, osaphonya ngakhale pamene gitala amazengereza.

"Nyimbo imeneyo mwaitenga kuti?" anafunsa Telala, mapini ali pakamwa.

"Kaya, ndinangoipeza mu foni ya mchemwali wanga. Imandikhazika mtima pansi. Woimba wake mukumudziwa?"

"Ndi mwamuna wanga."

"Ayi! Ndiye mukamuuze kuti kwathu timamukonda."

Telala anatembenukira kukhoma la pulayiwudi, dzanja litakwera kale kuti agogode, alamu amve zimenezi. Kuseriko mtsikana wa makava ankakambirana mtengo ndi kasitomala. Anatsitsa dzanja lija, n'kupempha mayiyo kuti akwezenso manja, chifukwa nambala ya m'chiuno inali itamuthawa.