Sofa Yotsetsereka ya a Sakala

Ku komboni ya Nabvutika ankhoswe analiko ambiri, koma womanga mabanja osatsegula pakamwa anali mmodzi, a Jonah Sakala. Malangizo analibe mkuluyu. Anali ndi sofa basi.

Sofayo anawasiyira mzungu wa fodya amene ankamuphikira ali mnyamata, tauni ino ikutchedwabe Fort Jameson. Inali yachilendo: makhushoni achikopa chakuda amakona ngati njerwa, ndipo mapaipi onyezimira, mmalo mobisika mkati, anali kunja ataizungulira.

"Anaipanga amisiri a ku Ulaya agogo anu asanaone nsapato," ankatero a Sakala akupukuta mapaipiwo. "Mafupa ake ali poyera. Sibisa kanthu iyi, osati inu."

Komatu inkabisa. Malamba ake apansi anafooka kalekale, moti anthu awiri akakhala wina uku wina uko ankatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukagundana mapewa pakati, ndipo kudzukamo wekha kunali kosatheka. Ndiye banja likabwera litayambana, a Sakala ankangoti, "Khalani apo, ndikaphike tiyi." Tiyiyo sanamwepo munthu.

Aphunzitsi ena a ku Madzimoyo, amimba yawo ndithu, anafika atavala tayi, mkazi wawo ali pambuyo, atalumbira kuti sadzamulankhulanso mpaka kumanda.

"Sendera uko iwe!" anatero aphunzitsiwo sofa itawagundanitsa.

"Ndisendere bwanji? Mwandipsinja ndinu!"

"Ndiye tandikoka."

"Mupepese kaye."

Anapepesa, tayi ili paphewa. Azimayi awiri olimbirana malo a tomato pamsika anatulukamo atafunda chitenje chimodzi. Ena amati ngakhale wakuba nkhuku ndi mwini nkhuku anadzukamo akukambirana za ndiwo, koma izo ndi za anthu.

Tamiwe, mwana wawo womaliza, ankachita nayo manyazi sofayo.

"Atate, tiitane wokonza mipando."

"Akonze chiyani? Inawonongeka bwino."

Chonsecho iye ndi mwamuna wake Jethro, onse ouma mitu, anatsetserekapo kambirimbiri. Banja lawo linkayendera sofayo monga imayendera minibasi yakale, yolira anthu akaikankha.

A Sakala anatisiya mvula yoyamba itangogwa. Pamaliro mipando anaitulutsa panja kuti azibambo akhalepo, azimayi ali pansi m'nyumba. Philemon, mlongo wake wa Tamiwe wokhala ku Lusaka, anangoona akuluakulu atatu a mpingo ataunjikana pakati pa sofayo ngati matumba a nshawa, olira akubisa kuseka m'mipango. Zinamuwawa. Maliro atatha anaitengera kwa wokonza m'tauni, ndipo inabwerako yolimba, yokwera, yowongoka, ndendende mmene anaifunira amene anaipanga. Aliyense anaiyamikira.

Kuyambira pamenepo a ku Nabvutika akayambana amangolowera kukhoti. Khomo la a Sakala lili zii, udzu wamera panjira imene inkapondedwa ndi anthu okwiya.

Mwezi wathawu Tamiwe ndi Jethro anayambananso, ndipo ulendo uno Jethro analongedza chikwama. Tamiwe sankafuna kuti apite, koma pakamwa pake mawu otere sanatulukepo chibadwire. Anangomuuza kuti asanakwere basi adutse kaye kunyumba ya malemu. Jethro anabwera, zomwe zinamupatsa Tamiwe chiyembekezo.

Anakhala, wina uku wina uko. Tamiwe anadikira. Anafewetsa thupi, anakweza ngakhale phazi pang'ono. Sofa inangoti nji. Apo anawasowa atate ake kuposa tsiku limene anawaika.

"Lero sikuyenda," anatero Jethro, akusisita chikopa cha pakati pawo.

"A Philemon anaikonza."

"Oho."

Onse anayang'ana mpatawo. Unali waung'ono, wokwana munthu mmodzi, ndipo aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe ndiye kusendera.

Kenako Jethro anadzuka yekha, popanda womukoka, n'kunyamula chikwama.