Udzu wa Nambewe

Lolemba

Mphepo youma yochokera kum'mawa. Kumwamba kwayera ndi utsi wa kutali.

Ndisanalembe za lero ndilembe za tsiku lija, poti layamba kufufutika m'mutu mwanga. Kunali kumapeto kwa Meyi. Titadzuka tidakangana pang'ono za amene adasiya sopo panja mpaka mbuzi kumudya. Ine ndidalowa m'chigafa kukasankha fodya, mkazi wanga Nambewe adatsikira kumunsi kwa nkhokwe, kumene tsekera amamera wamtali kuposa munthu. Masana ndidamtsatira ndi mbatata zootcha. Ndidampeza akumanga mfundo. Ankagwira nsonga za udzu zodzaza dzanja, kupota, kumanga, kusuntha pang'ono, kumanganso. Amayi kuno amatero: udzu ukamangidwa mfundo uli ndi mwini, wina saukhudza kufikira mwiniwake atadzamweta wofolera nyumba. Nambewe adati, "Gwiraniko apa inu, musangoima ngati chitsa." Ndidamanga imodzi. Idamasuka ndisanachotse dzanja. Adaseka mpaka kukhala pansi. Tidadyera mbatata pachulu, n'kubwerera kunyumba, iye patsogolo. Palibe china chidachitika tsiku limenelo. Patapita masiku owerengeka adayamba kutsokomola, ndipo Juni asanathe tidamuika.

Tsopano ndi Sepitembala. Amayi onse adamweta udzu wawo kalekale. Wa Nambewe wokha ndiwo waima, wouma gwa, mfundo zake zili chimangire, pafupi kwenikweni ndi nkhokwe za apongozi anga. Madzulo alionse ndimapita kukaziona. Wondifunsa ndimamuuza kuti ndikufuna mbuzi.

Za lero. Abwera a Chirwa, alangizi a zaulimi, pa njinga yawo, ndi chikalata cha ku boma. Akuti kwina cha ku Chamama moto wa osaka mbewa wapsereza nkhokwe, tsono mudzi uliwonse ukhale ndi munthu wophunzitsa anzake za moto. Asankha ine, popeza ndidalawako sekondale ndipo Chingerezi ndimawerenga osalondola ndi chala. Chachikulu m'chikalatamo: udzu wautali wapafupi ndi nyumba umwetedwe, apo ayi aulambulire mpata mozungulira kuti moto usafikepo.

Nzeru yandibwerera a Chirwa asanakwere njinga. Kuphunzitsa kumafuna chitsanzo. Mudzi wonse ulambula mpata kuzungulira udzu wa Nambewe, monga phunziro la boma. Udzu ukhala, mfundo zikhala, ndipo palibe adzadziwe chifukwa chake.

Lachiwiri

Msonkhano pabwalo. Anthu abwera ambiri, chifukwa kunja kwatentha ndipo pabwalo pali mthunzi.

Zimene ndakonza kunena:
moto umathamanga kuposa munthu ukakhala ndi mphepo kumbuyo;
osaka mbewa azitiuza asanayatse;
potentha mabedi a nazale ya fodya pazikhala madzi ndi anthu;
mpata ukhale wotakata, woti ngolo n'kudutsamo.

Zimene andifunsa:
ngati Chitaganya chija cha atsamunda chabweranso kudzalamulira ndi moto womwe;
ngati mbewa nazonso zauzidwa;
ngati padzakhala thobwa.

A Gwaza, amene m'mudzi muno palibe wowaposa pokumba mbewa, akuti, "Aphunzitsi, ife moto tidabadwa nawo. Thengo likapsa ndiye ndiwo zimaoneka." Komabe avomera kubwera. Sindine mphunzitsi, koma dzinalo landimamatira kale.

Nditatchula malo a chitsanzo, anthu onse ayang'ana pansi. A Gwaza akanda mutu. "Malo abwino amenewo. Zikuoneka kuti boma lidaganiza mofatsa." Ndikhulupirira kuti sanazindikire kanthu.

Za thobwa ndayankha kuti ntchito ya boma siifuna thobwa. Mlamu wanga Esinati, mng'ono wa Nambewe, wandidutsa ndi mtsuko pamutu: "Alamu, chisoti cha boma akupatsani liti? Mutu wake muli nawo kale."

Lachitatu

Ntchito ya boma imafuna thobwa.

Amene abwera: ine, a Gwaza, opanda khasu, akuti lili ku nazale, ndi galu wawo.

Nthaka yauma ngati njerwa, khasu likungolira. A Gwaza akhala pachulu, akulangiza. "Pamenepo mukhote, aphunzitsi, pali una wanga wa mbewa, ndikuusungira Loweruka." Ndakhota. Patsogolo pali una wina. Ndakhotanso. Mpata wathu wayamba ngati msewu wa ku boma, wathera ngati njira ya munthu wochokera kumowa.

Masana ndayesa kuphika thobwa ndekha. Zaka zonsezi ndinkakhala pakhonde Nambewe akuphika, ndiye ndimayesa kuti ndikudziwa. Lero ndazindikira kuti ndinkayang'ana Nambewe, osati thobwalo. Chimera amathira nthawi yanji? Ndathira poyamba, ndathiranso pakati, kuti mwina pena pagwire. Chatulukapo chinthu chimene galu wa a Gwaza wachinunkhiza n'kundiyang'ana mwachifundo.

Esinati wasuzumira mumphikamo. Sanaseke, ndipo zimenezo zandiwawa kuposa kuseka. Watenga chimera chotsala wapita nacho.

M'manja mwatuluka matuza. Udzu ukuwayula ndi mphepo, mfundo zikugwedezeka ngati mitu ya anthu ovomereza.

Lachinayi

Thobwa la Esinati lafika, anthu afikanso. Mudzi uno umakonda maphunziro.

Mpata watha dzuwa lisanafike pamutu. Chachilendo n'chakuti amuna akulima mwakachetechete, opanda nyimbo, ngati polambula kumanda. Wina khasu lake lakhudza phesi limodzi la tsekera, ndamumva akuti "pepani." Sindikudziwa amauza yani.

Madzulo phunziro lachiwiri, kuzima moto ndi nthambi. Kuti aone bwino ndayatsa kamoto kuseri kwa nyumba yanga, pamalo osesa, kaudzu kongodzaza manja awiri. Ndikufotokoza za mphepo. Mphepo yamva kuti ikutchulidwa, yabwera, kamvuluvulu weniweni. Bafa langa la udzu layaka lonse!

Zimene zapsa: bafa, chinkhupule, kabudula amene ndinayanika pamenepo, sopo winanso.

Anthu azima osadikira kuti ndimalize kufotokoza, amayi ndi mitsuko, amuna ndi nthambi za mango. Ine ndaima pakati, chikalata m'manja. Utsi utatha a Gwaza akuti, "Phunziro lomveka bwino, aphunzitsi. Mawa titentha chimbudzi?"

Nthambizo athyola ku mango wa apongozi, ndipo mbali imodzi wangotsala mafupa. Kukapepesa ndekha sindingathe. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anizana, ngakhale mwana wawo adapita. Ndatuma Esinati. Wabwera ndi yankho lalifupi: akuti mango amaphukanso, koma anthu ena akasambira kuti?

Lachisanu

Ndasambira kuseri kwa khola, mbuzi zikuonerera.

A Chirwa abwera kudzayendera. Azungulira mpata wonse, auyamikira, kupatula mokhota mwa a Gwaza. Kenaka aima. Ayang'ana udzu, ayang'ana nkhokwe za apongozi, aponya kafumbi m'mwamba kuona kumene kalowera. Kalowera kunkhokwe.

"Bambo, mpata uwu ungaletse moto woyenda pansi. Koma kamoto kamodzi kouluka kakagwera m'kati umu, malawi apitirira mango uyo, zoyaka ziziuluka ngati mbalame. Nkhokwe izo sizipulumuka. Udzu uwu ngwa yani?"

A Gwaza akuyang'ana galu wawo.

Esinati ndiye walankhula. "Mwini wake adachokapo, bambo."

"Akabwera mumuuze amwete. Lolemba anthu ayamba kutentha mabedi kudambo uko, ndipo mphepo ndi imeneyi."

"Timuuza, bambo."

A Chirwa kwawo ndi kumpoto, abwera kuno chaka chomwe chino, sakudziwa. Akwera njinga apita. Anthu abalalika mmodzimmodzi, aliyense wakumbukira kantchito kake, ndipo palibe amene wandiyang'ana kumaso. Pamenepo ndazindikira kuti mudzi wonse ukudziwa. Kuyambira Lachiwiri, mwina kuyambira Juni. Alima nthaka youma m'mawa wonse, pa mpata umene amaona okha kuti sukwanira, kuti ine ndisachite manyazi.

M'nkhokwemo muli chimanga cha apongozi, cha Esinati ndi ana ake, chofunika kuwafikitsa pokolola. Nanenso ndimadya chomwecho.

Njira zina zimene ndaganiza:
kuthirira udzuwo tsiku lililonse, koma m'chitsime mwatsala matope;
kusamutsa nkhokwe, koma nzodzaza;
kulembera ku boma kuti lisinthe mphepo.

Ndapita madzulo, ndakhala pachulu. Sindinanamizire mbuzi.

Loweruka

Utsi wa kum'mawa wayandikira. Timaphulusa takuda tikugwera pabwalo ngati nthenga, tina pa denga la nkhokwe.

Ndasolola chikwakwa cha Nambewe pa denga pamene ankachisomeka. Tsiku logawa katundu wake abale adatenga miphika, nsalu ndi mphasa, koma chikwakwa palibe adachifunsa, nanenso sindidachitchule.

Kumweta udzu ndi ntchito ya amayi, ndipo lero ndadziwa chifukwa chake: amunafe msana tilibe. Udzu ukuterera, chikwakwa chikukana, ndadzicheka chala. Ndamweta apa ndi apo, kulambalala paliponse pali mfundo, mpaka mfundozo zatsala zitaima patalipatali ngati anthu odikira basi ku Mtunthama. Pamenepo manja aleka okha.

Kuseri kwa chulu wina watsokomola mwaulemu. Apongozi. Ndatembenukira kumbali n'kukhala pansi, maso kudambo. Iwo ali ndi nkhuku yawo yamawanga imene imawatsata paliponse, ndipo ayamba kulankhula nayo.

"Iwe nkhuku, ukawauze anthu ena kuti chikwakwa sagwira ngati cholembera."

Ndauza nkhukuyo kuti zamveka.

"Uwauzenso kuti si iwo okha amene amadzafuna mbuzi kuno. Iwo amabwera madzulo, ine ndimabwera m'mawa. Chonsecho mbuzi ndilibe."

Nkhuku ikupalasa pansi. Apongozi apitiriza.

"Koma mwana wanga sadamange udzu uwu kuti tiziuonerera ngati gule. Ankafuna denga. Ndi mwana amene sankakonda zinthu zongokhala. Akadzuka lero atikalipira tonse awiri, kuyambira ine."

Ndapempha nkhuku iwauze kuti zimenezo n'zoona.

Ndamva mapazi awo akubwerera. Posakhalitsa atulukira amayi ambiri kuseri kwa nkhokwe, aliyense ndi chikwakwa chake, Esinati patsogolo. Zikuoneka kuti akhala pamenepo kuyambira m'mawa, kudikira kuti mwini nkhani ayambe yekha. Esinati wandimanga chala ndi kansanza. "Alamu, kakhaleni pachulu paja. Ndi malo a olangiza."

Amweta ngati moto womwewo, akumanga mitolo, wina akuyambitsa nyimbo chapansipansi. Koma pa mfundo palibe wakhudza. Azisiya zonse. Atamaliza ayamba kutola zinyalala zosafunika kutola, misana atandipatsa.

Ndazidula ndekha, imodziimodzi, cha m'munsi mwa mfundo, osamasula. Nambewe adamanga zolimba. Miyezi yonseyi, dzuwa ndi mphepo, palibe yamasuka. Esinati akulandira m'nsalu yake.

Dzuwa lisanalowe pamalopo payera, dambo likuonekera mpaka kutsidya.

Lamulungu

Kutchalitchi nyimbo ndaimba theka. Potuluka a Gwaza andiuza kuti moto wa dzulo uja unazimira wokha kumtsinje, sunawoloke. "Mwina unamva za maphunziro anu, aphunzitsi, unaopa." Una wawo uja akumba, apezamo chule.

Zotsatira za sabata ino:
bafa, palibe;
mango, theka;
chala, chotupa;
mpata wotchinga moto wabwino kwambiri m'boma lonse la Kasungu, wozungulira malo opanda kanthu.

Mitolo yonse amayi aitsamiritsa pakhoma la nyumba yanga. Mulu wa udzu wouma waukulu kuposa wina uliwonse m'mudzi muno tsopano uli pakhomo pa wophunzitsa za moto. A Chirwa akauona anena, ndipo sadzalakwa. Mawa, ena akamatentha mabedi, ine ndikwera padenga. Udzu ngwokwanira nyumba, n'kutsalako wa bafa.

Chikwakwa ndapereka kwa Esinati. Wachitembenuza, wati mpini ukugwedera, ndiyambe ndaukonza. Ndikuganiza kuti sukugwedera, koma ndabwera nacho, ndimpatsa Lachitatu.

Mpango wa Nambewe unali pansi pa mtsamiro chiyambire Juni. Ndauyala, ndaikamo theka la mfundo zija, ndakulunga, ndakasiya pakhonde la apongozi iwo ali m'kati. Nkhuku inali pomwepo. Ndaiuza kuti ndi katundu wa eni nyumba. Ndisanafike patali ndamva chitseko chikutseguka, sindinacheuke. Zotsalazo ndidzazifolera pamodzi ndi udzu wina, cham'kati, pamene mvula siifika.

M'nyumba mwatsala chipeso chake chokha, chothyoka mano awiri. Ndaganiza zopereka kwa mwana wa Esinati, ndaganiza zokasiya kumanda. Ndakhala nacho m'manja kufikira mthunzi wa nkhokwe wafika pakhonde. Kenaka ndapesera tsitsi langa. Chikupesabe bwino.